Kodi mlatho waukulu wa mumzinda umathetsadi kuthithikana kwa magalimoto?

Wazinanazi wa pa Chitakale walemba kuti:

Moni kwa inu nonse, akuluakulu ndi anzanga. Ine ndimakhala chakufupi ndi Chitakale kuno ku Mulanje, ndipo ntchito imene ndimadyera ndi yopikula zinanazi, mapeyala ndi nthochi kwa alimi a m'tsinde mwa phiri n'kumakagulitsa ku Limbe, ndipo nyengo ikakhala yabwino ndimafika nazo mpaka ku Lilongwe. Pa ulendo wanga waposachedwa ndinawoloka mlatho watsopano wa pa mtsinje wa Lilongwe ku Old Town, umene unamangidwa ndi thandizo la boma la Japan kudzera ku bungwe lawo la JICA, pamodzi ndi kukulitsa chigawo cha msewu wa M1 chimene chimadutsa pamenepo. Amene munawolokapo mlatho wakale uja mukukumbukira mmene zinkakhalira: njira imodzi yopita ndi ina yobwerera, pamene minibasi za ku depoti, malole a katundu a ku Malangalanga, akabaza ndi anthu oyenda pansi onse ankalimbirana malo amodzi omwewo. Tsiku lina zaka zapitazo ndinatsika mu lole imene ndinachita hayala, n'kuwoloka wapansi, kukapeza wogula, kugwirizana naye mtengo, ndipo pobwerera ndinapeza loleyo isanafike ngakhale pakati pa mlatho.

Ulendo uno pa mlatho penipenipo tinadutsa bwino, ndipo sindikufuna kunyoza ntchito imene aliyense akuiona ndi maso. Koma titangopitirira pang'ono, pofika pamene minibasi zimaima n'kumaitanira anthu, tinaimanso nthawi ndithu, moti ndinayamba kudzifunsa ngati vuto lija latha kapena langosamuka n'kukakhala patsogolo pang'ono. Limeneli ndiye funso langa loyamba, ndipo ndikupempha amene mukudziwa za misewu mundiunikire.

Funso lachiwiri ndi limene likundivuta kwambiri mumtima. Ife a kuno tinaona zimene namondwe wa Freddy anachita mu Malichi 2023, pamene milatho ndi makalavati zinakokoloka ndipo madera ena anakhala masiku osafikika. Kumene ndimapikula zinanazi kuli kamtsinje kamene mpaka lero timawolokera pa mitengo ya bulugamu imene anthu a m'mudzi anayala okha, ndipo mvula ikagwa usiku katundu amagona kutsidya n'kuyamba kuwola. Kodi ndi chilungamo kuti ndalama zochuluka zizipita ku mlatho wa mumzinda, umene cholinga chake ndi kuchepetsa mphindi zodikira, pamene ife tikusowa pongowolokera? Kapena pali zina zimene ine sindikuziona chifukwa chopsa mtima?

Kapitawo wakale wa za misewu, Luchenza, wayankha kuti:

Bambo a pa Chitakale, funso lanu loyamba ndingaliyankhe ndi mtima wokhazikika, chifukwa ndinagwira ntchito ya misewu zaka zambiri ndisanapume, ngakhale kuti sindinali injiniya koma kapitawo woyang'anira anyamata a makalavati ndi ngalande. Zimene munaona ku Lilongwe si zachilendo. Taganizirani za chigayo. Mukakulitsa kukamwa kothirirako chimanga, koma sefa ndi injini n'kukhala zomwe zija, ufa sungatuluke msanga kuposa kale. Chimene chingasinthe n'chakuti chimanga chambiri chidzadikira m'kati mwa chigayo m'malo modikira m'thumba. Msewu wa mumzinda nawonso umayenda pa liwiro la malo ake opanikizika kwambiri. Kale malo amenewo anali mlatho, ndipo mlatho utakulitsidwa, kupanikizika kwapita pa malo otsatira, kaya ndi raundabauti, kaya ndi maroboti, kaya ndi siteji imene minibasi zadzipangira zokha pakati pa msewu. Choncho sikungakhale koona kunena kuti mlathowo sunathandize, chifukwa mfundo imodzi yamasulidwa ndithu, kungoti chingwecho chinali ndi mfundo zingapo.

Pali chinthu chachiwiri chimene akatswiri a za mayendedwe anachiona m'mizinda yambiri padziko, ndipo ifenso tachiona pafupi pompano. Msewu ukatakasuka, anthu amene ankalawirira mbandakucha pothawa mzere amayamba kunyamuka nthawi imodzi ndi anzawo, amene ankadzera njira zam'mbali amabwerera ku msewu waukulu, amene ankasiya galimoto kunyumba amaitulutsa, ndipo eni masitolo ndi malo omwetsera mafuta amamanga m'mbali mwa msewuwo, aliyense ndi khomo lake lolowera ndi lotulukira. Pakapita zaka zingapo malo onse atsopano aja amakhala atadzaza. Msewu wa Masauko Chipembere, wolumikiza Blantyre ndi Limbe, unakulitsidwanso ndi thandizo la Japan, ndipo zaka zoyambirira unkayenda bwino kwambiri, koma lero aliyense wa ife amene wadutsapo pa Ginnery Corner kapena pa Chichiri nthawi yoweruka kuntchito akudziwa mmene pamakhalira. Ndimaseka ndekha ndikaganiza kuti dziko limene likutithandiza kukulitsa misewu ndi lomwelonso kumene kumachokera magalimoto ambiri ogwiritsidwapo kale ntchito amene akuidzaza, kuphatikizapo ma Sienta amene asanduka matakisi m'dziko lonse lino.

Mlatho umene ndimauona kuti unachita ntchito yake mosakayikitsa ndi wa ku Liwonde. Kuyambira 1965 magalimoto onse owoloka Shire pamenepo ankadutsa pamwamba pa Kamuzu Barrage, chimene kwenikweni ndi chotchinga choyendetsera madzi opita kumalo opangira magetsi monga Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Pamene ankachikonzanso ndi ndalama za World Bank anamanga mlatho wapadera pambali pake, kotero kuti magalimoto ali ndi kwawo ndipo ogwira ntchito pa zitseko za madzi ali ndi kwawo. Phindu la kumeneko silinali liwiro lokha, koma kulekanitsa ntchito ziwiri zimene sizinkayenera kukhala pamodzi.

Pa funso lachiwiri ndingonena mbali imene ndikuidziwa. Mlatho wa mumzinda amauyeza ndi kuchuluka kwa magalimoto, pamene mlatho wa kuno amayenera kuuyeza ndi ukali wa madzi, ndipo izi n'zimene zimachititsa kuti milatho yathu ikhale yodula kuposa mmene imaonekera. Likhubula, Lichenya, Ruo ndi Thuchila ndi mitsinje yochokera m'phiri limene pa Sapitwa ndi lotalika mamita 3,002, ndipo madzi ake amatsika ndi liwiro lalikulu atanyamula miyala ikuluikulu ndi mitengo yathunthu. Pa zaka zanga ndinaona milatho ikugwa m'njira zitatu. Nthawi zina madzi amakumba pansi pa zipilala pang'onopang'ono chaka ndi chaka mpaka chipilala chimodzi chitapendama. Nthawi zina mitengo ndi zinyalala zimatseka pansi pa mlatho, madzi n'kufuna njira ina, n'kudula msewu kumbuyo kwake, moti kukacha mumapeza mlatho uli chiimire bwinobwino pakati pa mtsinje koma wopanda msewu mbali zonse ziwiri. Njira yachitatu ndi ya manja athu omwe, ndiyo kukumba mchenga pafupi ndi maziko, kumene kumatsitsa pansi pa mtsinje n'kusiya zipilala zili pamtunda. Milatho yambiri yakale inayezedwa potengera madzi a nthawi imene mapiri anali ndi mitengo. Napolo wa ku Phalombe wa 1991, madzi osefukira a mu Januwale 2015, namondwe wa Ana mu 2022 ndi wa Freddy mu 2023 zaonetsa kuti miyezo imeneyo yachepa, ndipo kumanganso mlatho wofanana ndi umene wakokoloka n'kungoikira mtsinje chakudya cha chaka china.

Dalaivala wa mathiraki, Bvumbwe, wayankha kuti:

Achimwene a pa Chitakale, ndi inu bambo kapitawo, ndiloleni ndiikepo zimene ndinaona ndi maso anga ku Tete, chifukwa ndikuganiza kuti zikuyankha funso loyamba mwa njira ina. Ndakhala ndikunyamula tiyi ndi katundu wina kuchokera ku Limbe kudzera ku Mwanza, Zobue ndi Moatize, n'kuwoloka Zambezi pa Tete, kenako kulowera ku Beira kapena ku Nyamapanda popita ku Harare ndi ku Johannesburg. Kwa zaka zambiri powolokera panali pamodzi pokha, pa mlatho wa Samora Machel, wolendewera pa zingwe za zitsulo, umene Apwitikizi anamanga kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Mlatho umenewu umakutsitsirani m'kati mwenimweni mwa mzinda, ndipo thiraki ya matani ambiri inkayenera kulimbana ndi tinjinga, matakisi ndi anthu opita kumsika. Migodi ya malasha ya ku Moatize itayamba kugwira ntchito magalimoto anachuluka kwambiri, ndipo pa nthawi imene ankaukonza mathiraki ankaloledwa kuwoloka ochepa pa nthawi imodzi. Tinkakhala pa mzere maola ambiri, mwina mpaka kugona pomwepo, m'kutentha kwa ku Tete kumene munthu wokulira m'chifunga cha ku Thyolo sangakumvetse pokhapokha atakulawa yekha.

Mu 2014 anatsegula mlatho wachiwiri, wa Kassuende, pafupifupi makilomita 6 chakumunsi kwa wakale uja, ndipo anaumangira misewu yakeyake yolambalala mzinda. Mathiraki olemera anauzidwa kuti azidzera kumeneko. Timalipira podutsa, koma kusiyana kwake n'kwakukulu, kwa ife ndiponso kwa anthu a mu Tete amene mlatho wakale unatsala wawo. Chimene ndikufuna kuti muone n'chakuti iwo sanakulitse mlatho pamalo omwe aja, koma anatsegula powolokera pena, patali ndi msika, pofuna kuchotsa mumzinda anthu amene analibe chochita mumzindamo. Ine ndikamadutsa ku Tete sindifuna kugula kanthu, sindifuna kuona munthu, ndimangofuna kutsidya, ndipo aliyense amapindula ndikapanda kulowa m'tauni.

Ku Lilongwe msewu wolambalala wa kumadzulo, wochokera pa mphambano ya ku Bunda kukafika ku msewu wa Mchinji, unamangidwa ndi ganizo lomweli, ndipo unatithandiza ife opita ku Zambia. Koma bambo kapitawo anena zoona, chifukwa lero m'mbali mwake mwadzaza nyumba, masitolo ndi masiteji a njinga zamoto, moti pang'ono ndi pang'ono ukusanduka msewu wa m'tauni. Ponena za kwathu kuno, vuto limene ine ndimaliona ndi la Limbe. Thiraki ya tiyi yochokera ku Thyolo kapena ku Mulanje yopita ku Mwanza imalowa ku Limbe, kaya yadzera ku Chigumula kaya yadzera msewu wa Midima ku Bangwe, kenako imadutsa mzinda wonse wa Blantyre isanafike ku Lunzu ndi ku Zalewa. Mukanandifunsa kuti ndisankhe pakati pa kukulitsa timilatho ta pa Mudi m'kati mwa mzinda ndi kutsegula njira yoti ife tisalowemo n'komwe, ndikanasankha yachiwiriyo mosazengereza.

Mphunzitsi wa ku Limbuli wayankha kuti:

Ndawerenga mayankho onse awiri ndipo ndaphunzirapo zambiri, koma abambo inu mwakamba za magalimoto okhaokha, pamene anthu ambiri owoloka mitsinje m'dziko muno amawoloka wapansi kapena pa njinga. Ine monga mayi amene ndimakagula zovala za kaunjika ku Lilongwe pa tchuthi, chimene ndimakumbukira kwambiri pa mtsinje umenewo ndi timilatho ta matabwa tolumikiza msika wa Tsoka ndi wa Lizulu, timene anthu wamba anamanga okha n'kumalipiritsa aliyense wowoloka. Timilatho timeneto timanjenjemera, madzi akachuluka timakokoloka, koma eni ake amatimanganso chifukwa anthu amatifuna. Ngati munthu wosauka akulolera kutulutsa ndalama kuti awolokere pa matabwa pamene mlatho wa konkire waulere uli chapafupi, ndiye kuti mlatho wa konkirewo suli pamene iye akufuna kuwolokera. Ndaonanso m'matauni athu kuti malo oyendamo anthu m'mbali mwa mlatho sachedwa kudzaza ndi mavenda, ndipo woyenda pansi amakankhidwira mumsewu, kumene amachedwetsa magalimoto omwe aja ndiponso kuika moyo wake pachiswe. Sindikuwada mavendawo, chifukwa amapita pamene pali anthu, koma womanga mlatho amene sanaganizire za kumene iwo adzakhale wasiya theka la ntchito.

Pa nkhani ya chilungamo ndili kumbali ya bambo a pa Chitakale. Kalembera wa 2018 anapeza anthu pafupifupi 990,000 mumzinda wa Lilongwe ndi oposa 800,000 mumzinda wa Blantyre. Kalembera yemweyo anapeza anthu oposa 680,000 m'boma la Mulanje ndi oposa 720,000 m'boma la Thyolo, kutanthauza kuti maboma awiri athuwa pamodzi ali ndi anthu ambiri kuposa likulu la dziko. Kusiyana kwake n'kwakuti kuchedwa kwa mumzinda kumaoneka, chifukwa magalimoto amakhala pa mzere umodzi pamaso pa atolankhani ndi akuluakulu a boma amene nawonso amakodwamo, pamene kuchedwa kwathu n'komwazikana pa timitsinje tambirimbiri timene sitidziwika ndi dzina kunja kwa mudzi.

Kusukulu kumene ndimaphunzitsa, kuyambira Januwale mpaka Malichi mabenchi a ana ochokera kutsidya amakhala opanda anthu tsiku lililonse lotsatira mvula yausiku, ndipo ana amenewa ndi omwe amadzalemba mayeso a Sitandade 8 ofanana ndi a mwana wa mumzinda. Makolo sitingawadzudzule, chifukwa palibe amene angatumize mwana wa zaka 7 kuti akawoloke madzi ofika m'chiuno mwa munthu wamkulu. Amayi oyembekezera amauzidwa kuti akadikirire kuchipatala masiku awo asanakwane, ndipo amene matenda awadzidzimutsa amanyamulidwa pa machira ndi anyamata amene amayenera kuyamba ayesa kuya kwa madzi ndi ndodo. Nthawi ya Freddy, madera ena a ku Muloza ndi a ku Nkhulambe ku Phalombe anadukiratu ku dziko lonse, ndipo thandizo linkafika movutikira kwambiri. Ndimamva kuti akatswiri akamasankha pomanga mlatho amawerenga magalimoto odutsa pa tsiku ndi mphindi zimene zingapulumutsidwe. Funso langa kwa iwo n'lakuti, pamalo pamene palibe mlatho galimoto ingadutsepo bwanji kuti iwerengedwe, ndipo masiku a sukulu a mwana amalowa pati m'masamu amenewo?

Kalaliki wa ku esiteti ya tiyi, Thyolo, wayankha kuti:

Mayi aphunzitsi, zimene mwanena za ana a sukulu palibe angazitsutse, koma ndikupempha kuti ndisiyane nanu pang'ono, inu ndi bambo a pa Chitakale, pa mfundo yoti mlatho wa ku Lilongwe unadya ndalama zathu. Thandizo la mtundu umenewu limabwera pa mgwirizano wa maboma awiri lili lomangiriridwa ku ntchito imodzi yotchulidwa, ndipo silikhala ngati ndalama ya m'thumba imene nduna ingathe kunena kuti lero tiyeni tikaigwiritse ntchito ku Mulanje. Mlatho uja ukanapanda kumangidwa, kamtsinje ka kwa alimi a zinanazi kakanakhalabe ndi mitengo yake ya bulugamu. Tisaiwalenso kuti Japan yemweyo ndi amene anathandiza kumanga mlatho wa Bakili Muluzi pa Shire ku Mangochi, umene unatsegulidwa mu 2002, ndipo kumeneko si ku likulu.

Ndalama zimene tiyenera kuzilondola ndi zathu zomwe. Bungwe la Roads Fund Administration limatolera msonkho wa misewu umene uli mu mtengo wa lita iliyonse ya petulo ndi dizilo, komanso ndalama za pa zipata zolipiritsa monga cha pa Chingeni, chimene chinayamba mu 2021, ndi cha pa Kalinyeke, chimene inu bambo a pa Chitakale mumadutsapo popita ku Lilongwe. Bungwe la Roads Authority ndi limene limayang'anira misewu ikuluikulu monga M2 yathuyi, yochokera ku Limbe kudzera ku Thyolo, Luchenza ndi Mulanje mpaka ku Muloza. Koma timisewu ta m'midzi ndi timilatho take tambiri timadalira khonsolo ya boma, kudzera m'makomiti a chitukuko a m'mudzi (VDC) ndi a m'dera (ADC) ndiponso thumba la chitukuko cha m'dera la CDF. Wakabaza aliyense wa njinga yamoto akamwetsa mafuta pa Chitakale amalipira msonkho wa msewu, ndipo ali ndi ufulu wofunsa kuti gawo lake likubwerera bwanji. Kumeneko n'kumene mkwiyo wathu ungabale zipatso, osati pa mlatho wa ku Old Town.

Mfundo yanga yachiwiri n'yakuti mzere wa magalimoto wa mumzinda si vuto la anthu a mumzinda okha. Tiyi wa maboma athu awiriwa amagulitsidwa pa okishoni ku Limbe. Feteleza, simenti ndi mankhwala zimene timagula kuno zimayamba zadutsa m'misewu yomweyo, ndipo mafuta amene lole imawotcha itaima pa mzere amalowa mu mtengo wa thumba limene mlimi wa ku Thekerani adzagule. Choposa zonse, wodwala amene watumizidwa kuchokera kuchipatala cha boma cha Mulanje kapena cha Thyolo kupita kuchipatala chachikulu cha Queen Elizabeth ku Blantyre amayenera kudutsa Limbe yense ndi msewu wa Chipembere asanafike pa geti. Ndinaperekezapo mbale wanga pa ulendo wotere madzulo a Lachisanu, ndipo ndinaona madalaivala akufunitsitsa kupatukira ambulansi koma alibe kopatukira. Kuyambira tsiku limenelo sindinenanso kuti msewu wa mumzinda ndi wa anthu olemera. Mayi amene wanyamulidwa pa machira kuwoloka kamtsinje ku Limbuli m'mawa akhoza kukhala yemweyo amene akudikira pa mzere ku Limbe madzulo, ndipo iye amafuna powolokera ponse pawiri.

Wazinanazi wa pa Chitakale wayankhanso kuti:

Zikomo kwambiri nonse. Bambo a ku Thyolo, nkhani ya ambulansi yandigonjetsa, ndipo ndavomera kuti ndinasakaniza matumba awiri a ndalama amene si amodzi. Komabe mawu a mayi aphunzitsi onena za kuwerenga magalimoto pamalo opanda mlatho sanayankhidwe, ndipo ndikhala nawo mumtima. Popeza kamtsinje kathu kaja sikadzafika pa tebulo la anthu a ku Japan, ndikufuna ndibwerere kwa bambo kapitawo. Alimi a kumeneko akhala akukambirana zosonkherana ndalama ndi kupempha khonsolo kuti iwonjezere, koma sakugwirizana chomanga. Ena akufuna mlatho wa matabwa pa zipilala za njerwa, ena akufuna makalavati awiri akuluakulu okwiriridwa ndi dothi. Mtsinjewo m'chilimwe mwana amaudumpha, koma mvula ikagwa m'phiri umadzaza m'kanthawi kochepa n'kuphweranso pakatha maola angapo. Ndi chiti chimene tingapite nacho ku msonkhano wa ADC popanda kuchita manyazi chaka chamawa?

Kapitawo wakale wa za misewu, Luchenza, wayankhanso kuti:

Bambo, chigamulo chenicheni achipereke injiniya wa ku khonsolo ataona malowo, koma mmene mwaufotokozera mtsinjewo ine makalavati okwiriridwa ndi dothi ndingawakane, chifukwa mtengo umodzi wotsika m'phiri ndi wokwanira kuwatseka, ndipo madzi akadutsa pamwamba dothi lonse limapita usiku umodzi. Matabwa nawo amawola msanga m'chinyezi cha kuno, ndipo lole ya zinanazi yodzaza idzawathyola asanathe zaka zambiri. Pa mtsinje wodzaza msanga n'kuphwera msanga, chimene ndinaona chikukhalitsa ndi dirifiti, ndiye kuti konkire yoyalidwa pansi pa mtsinje penipenipo, yokhala ndi makoma okumbidwa mozama kumtunda ndi kumunsi kwake kuti madzi asaifukule. Dirifiti silimbana ndi madzi koma imawalola kudutsa pamwamba pamodzi ndi miyala ndi mitengo yawo, ndipo inu mumadikira maola ochepa m'malo modikira kontilakitala zaka ziwiri. Kuipa kwake n'kwakuti sithandiza ana a sukulu pa nthawi imene madzi ali pamwamba, choncho ngati ndalama zingalole, pemphaninso kamlatho ka anthu oyenda pansi pamalo pamene magombe ndi okwera ndiponso a mwala, ngakhale patakhala patali pang'ono ndi msewu.

Musanapite ku msonkhanowo, yendani ndi akuluakulu a m'mudzi akuonetseni pamene madzi anafika nthawi ya Freddy ndi mu 2015, ndipo mulembe chizindikiro ndi penti pa mtengo kapena pa mwala, chifukwa injiniya akadzabwera mu Seputembala adzapeza kamtsinje kodumphika ndipo sadzakhulupirira mawu okha. Mupemphenso kuti m'magombe aikemo mabasiketi a waya odzaza ndi miyala, inu n'kudzala vetiva ndi nsungwi kumbuyo kwake, ndipo amfumu aletse kukumba mchenga pafupi ndi malowo mbali ya kumunsi. Konkire ithiridwe m'chilimwe, ithiriridwe madzi tsiku lililonse kwa sabata yathunthu kapena kuposerapo, ndipo lole yolemera isadutsepo mpaka patatha masiku 28.